Mluzu wa Kankhumba

Mukafunsa aliyense wa m'mudzi mwa apongozi anga za tsiku limene bayisikopo inafika ku esiteti ya fodya, panjira yopita ku Mwami, adzakuuzani za nkhondo. Adzakuuzani za mizinga, za ndege ndi za asilikali oguba. Ena amafotokoza mwaluso moti mungaganize kuti anabwerako ndi mabala. Za tinkhumba palibe amene amatchula. Mukawakumbutsa amangoti, "Oo, zija za ana zija?" n'kubwerera ku mizinga yawo. Ine sukulu ndinalekera panjira nditangodziwa kugwira pensulo ndi kutsatira nyimbo m'buku, choncho sindingalimbane ndi anthu ozindikira chotere. Ndingolemba zimene zinandichitikira.

Nthawi imeneyo bambo a mwana wanga anali kunkhondo. Ine ndinali mtengwa, kukhala pamudzi pa makolo awo, kulima munda wawo ndi kutunga madzi awo. Ndinali ndi mwana mmodzi wamwamuna amene anali pafupi kukwanitsa zaka zitatu, koma anali asanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ukamuitana sankatembenuka. Dzinja lapitalo anadwala malungo aakulu, khutu lina n'kumatuluka mafinya, ndipo atachira anakhala mwana wachete, wongosewera ndi zitsononkho pafumbi.

Apongozi anga aakazi anali ndi njira yawo yopimira makutu. M'mawa uliwonse ankamunyang'amira kumbuyo atanyamula beseni ndi mthiko, n'kumenya ngati akuthamangitsa dzombe. Nkhuku zinkabalalika, agalu n'kuuwa. Mwana ankapitiriza kuika chitsononkho pamwamba pa chinzake.

"Waonatu," ankatero apongoziwo akundiyang'ana. "Gonthi uyu. Kwathu kuno kulibe mtundu umenewu. Kaya kwanuko."

Kwathuko kunalibenso, koma funsolo silinkafuna yankho.

Ndiye anagwirizana, iwo ndi apongozi aamuna, kuti mwana apite ku Chipangali kwa mkulu wawo wa apongozi aakaziwo, mayi wodziwa mizu yothira m'makutu. Popeza apongozi aamuna anali mkulu wa mpingo, nkhaniyi siinkatchedwa ya mizu ayi. Inkatchedwa kukacheza kwa agogo. Kuchezako kunali kwakuti mwana akakhale komweko mpaka adzayankhule, ndipo ine nditsale chifukwa mvula inali pafupi ndipo munda sulima wokha. Ng'ombe za malowolo zinali zitapita kale kwathu, mwana anali wawo. Mwana wosayankhula akapita kuti akabwere atayankhula, inu mukuona kuti abwera liti? Ulendo anaukonza kuti ukhale Lolemba.

Mtima wanga unkandiuza kuti mwanayo amamva zina. Koma mtima wa mtengwa si mboni. Ndiponso ndikanauza yani? Apongozi aamuna sindinkayankhula nawo. Mwambo wake ndi wotero: ukawaona akubwera umapatuka panjira n'kugwada, nkhope kumbali. Sudya iwo akuona, suseka iwo akumva. Ukakhala ndi mawu umauza mlamu wako, mlamu auze amayi ake, amayi akewo akaona kuti mawuwo ndi oyenera akafikitse. Anga ambiri ankafera panjira. Kunena zoona mwambowu unkandikomera, chifukwa chibadwire ndine wamanyazi, ndipo pamudzipo ankandiyamikira kuti ndine mkazi waulemu. Munthu ukamaopa kutsegula pakamwa, anthu amati unaleredwa bwino.

Loweruka lake kunabwera galimoto ya boma yonyamula bayisikopo. Inayenera kupitirira kwina dzuwa lisanalowe, choncho anati tionere masana m'shedi yosankhiramo fodya. Anatseka mawindo ndi ziguduli, n'kupachika nsalu yoyera kukhoma. Kunali kotentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Mudzi wonse unapita, chifukwa mbiri inali itamveka kuti aonetsa asilikali athu, ndipo mayi aliyense anali ndi nkhope imene ankafuna kuiona.

Abambo anakhala kutsogolo pamabenchi ndi pamabelo. Amayi tinakhala pansi kumbuyo. Ife a makanda anatiika pafupi ndi khomo kuti mwana akalira tituluke msanga, tisasokoneze akuluakulu. Ine anandiika pakhomo penipeni, ngakhale kuti mwana wanga ndi yekhayo m'shedi monsemo amene sakanasokoneza munthu. Fumbi la fodya linkatsokomoletsa ana, ndiye ndinamubereka kumsana n'kumufunditsa nsalu ina mutu wonse. Sankaona kanthu, ngakhale khosi langa.

Ndi galimotoyo kunabwera bambo womasulira, wa kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'maondo. Anaima kutsogolo n'kutiuza kuti tili ndi mwayi waukulu. Kenaka anati, "Tiyamba ndi za ana kuti makina atenthe. Zimenezi sizifuna kumasulira." Atatero anatuluka kukasuta.

Pansalu panaoneka kanyumba kojambula pamanja, ngati zimene aphunzitsi ankajambula pabolodi, koma utsi wake unkayenda. Nyimbo inkachokera m'bokosi limene analiika pambali. M'kanyumbamo munatuluka nkhumba yaikazi itavala diresi, itanyamula beseni la madzi. Anthu anaseka diresilo, kenaka analeka kuyang'ana n'kuyamba kucheza.

Nkhumba ija inali ndi ana ambiri, ndipo ntchito yake tsiku limenelo inali kuwasambitsa. Inkagwira kamodzi, kukachapa, kukapukuta, kukakhazika pabenchi kuti kaume. Ikatembenuka kugwira kena, koyamba kaja kanali katabwerera kale m'matope. Bambo wa tinkhumbato anali gone pampando pansi pa mtengo, chipewa kumaso, mimba ikukwera ndi kutsika. Anadzuka kamodzi kokha, kuloza kamwana kamene kanali ndi matope, kupukusa mutu posonyeza kuti m'nyumba muno mulibe ukhondo, n'kugonanso. Amayi amene tinali pakhomo tinayang'anana. Palibe anaseka mokweza, chifukwa eni ake a chithunzicho anali atakhala pamabenchi kutsogolo kwathu.

Sindidziwa amene anajambula zimenezi, kaya ndi mzungu kaya ndani, koma munthuyo anakhalapo pafupi ndi mayi wotopa, ndipo anamuyang'anitsitsa. Nkhumba ija inkapukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja chifukwa zikhatho zinali ndi thovu. Poweramuka inkayamba yagwira m'chiuno. Madzi atatha inayang'ana m'beseni, n'kuyang'ana kumene kunali chitsime, n'kuyang'ana bambo wogona uja, kenaka n'kunyamula ndowa yokha. Zimenezo munthu sangazipeke. Bambo wa masokosi ananena zoona mosadziwa kuti sizifuna kumasulira.

Mwa tinkhumba tonse munali kamodzi kakang'ono kamene sikankathamanga ndi tinzake. Amake akaitana, tonse tinkatembenuka kupatula iko. Kanali ndi ntchito yake: kankakwera pathabwa lotsamira pampanda, kukhala pamwamba, n'kutsetsereka mpaka m'matope. Pamene kankatsetsereka, m'bokosi muja munkatuluka mluzu woonda, woyambira pamwamba n'kutsika, fyuuu, kenaka phwa!

Mluzu woyamba utalira ndinamva kumsana kwanga kukugwedezeka. Ndinaganiza kuti fumbi lamulowa mwana ndipo akutsokomola. Ndinamusisita. Nyimbo inapitirira, ng'oma zikulira m'bokosi, iye ali phee. Kankhumba kanakweranso pathabwa. Fyuuu, phwa! Msana wanga unagwedezekanso, ndipo ulendo uno ndinamva mpweya wotentha pakhosi panga ndi kamawu kakang'ono, kikiki. Mwana wanga ankaseka.

Ndinapapasa nsalu ija kuti mwina yatseguka ndipo akuona. Inali yofunda bwinobwino. Ndinaigwira ndi manja onse awiri kuti pasakhale ndi kampata komwe, n'kudikira. Sindinapemphererepo nkhumba chibadwire, koma tsiku limenelo ndinapemphera kuti kankhumbako kakwerenso. Kanakwera. Mluzu usanafike n'pansi pomwe, mwana anali akundimenya ndi timiyendo m'nthiti.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mboni. Apongozi aakazi anali patali pakati pa amayi a mpingo, akukambirana za mwana wa eni amene anatenga mimba. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anali kutsogolo pang'ono akudya nzimbe. Kuti ndiitane munthu ndikanayenera kukweza mawu m'chipinda mmene munali apongozi aamuna. Ndinabweza maso kunsalu.

Pansalu paja nkhumba yaikazi inali itasambitsa tonse kupatula kakang'ono kaja. Inakaitana, osatembenuka. Inakaitananso, osatembenuka. Ndinadikira kuti itenge beseni ndi mthiko. M'malo mwake inaika ndowa pansi, inakwinya diresi lake, n'kukakhala m'matope momwemo pambali pa kamwanako, n'kumayang'ana kumene iko kankayang'ana.

Pomwepo abambo anatopa.

"Chotsani nkhumbazo! Tabwerera nkhondo ife!"

"Nkhumba tazisiya kumudzi!"

Apongozi anga aamuna anaimirira, chifukwa iwo sankakuwa ngati anthu wamba. Anati, "Akuluakulu sanasiye ntchito zawo kudzaonera nyama zovala madiresi." Anthu anawomba m'manja. Woyendetsa makina anazimitsa, nsalu inayera mbee. Mpaka lero sindidziwa kuti mayi uja ndi kamwana kake anatuluka bwanji m'matopemo.

Ndiye inabwera nkhondo imene tinaiyembekeza. Bambo wa masokosi anabwerera n'kuyamba kufuula. Tinaona utsi. Utsiwo utatha tinaona utsi wina, umene anatiuza kuti ndi wa adani. Kenaka panadutsa asilikali akuda pamzere, akutali, onse zipewa zofanana, nkhope ngati njere za mapira. Apongozi aakazi anakuwa kuti, "Uyo! Mwana wanga uyo, wachitatuyo!" Mayi wina wa kutsidya kwa dambo anati wachitatuyo ndi wake, amamudziwa ndi kayendedwe. Wina anati onse awiri akunama, ameneyo ndi mlongo wake. Anakangana mpaka msilikaliyo anatuluka pansalu osatsanzika aliyense wa abale akewo. Mizinga inkagunda m'bokosi mpaka malata a shedi kunjenjemera, ana onse a pakhomo akulira. Wanga anagona tulo.

Pobwerera ndinamukoka mlamu wanga kuti titsalire m'mbuyo.

"Alamu, mwanayu amamva."

"Wamva chiyani? Mizinga yonse ija ali mkonono?"

"Mizinga ayi. Mluzu uja wa kankhumba. Amaseka."

Anaima n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ukufuna ine, ndi mano angawa, ndikagwade pamaso pa abambo, mkulu wa mpingo, ndikanene kuti nkhumba yovala diresi yatsegula makutu a mdzukulu wawo? Mlamu, dzuwa lakuwomba. Mwana amaseka akaona zoseketsa, basi."

"Ndinamufunditsa. Sanaone."

"Ndiye amaseka kununkha kwa thukuta lako. Tiye, madzi kulibe kunyumba."

Mawu anga anafera pomwepo, pamphambano ya njira ya kuchitsime. Galimoto inali itapita ndi tinkhumba take. Kunatsala tsiku limodzi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, apongozi aamuna anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi akuluakulu anzawo awiri, kumalizitsa nkhondo imene boma linalephera kuimaliza dzulo lake. Mmodzi ankajambula pansi ndi ndodo kusonyeza pamene adani analakwitsa. Apongozi aakazi anali pakhonde kumanga kamtolo ka ulendo: ufa, mtedza, ndi malaya awiri a mwana wanga, amodzi mwa iwo ndinasoka ndekha. Mlamu ankawathandiza. Mwana anali pabwalo, pakati pa khonde ndi mtengo wa mango, atandifulatira, ali ndi zitsononkho zake.

Apongozi aakazi anandituma kukapereka thobwa kwa alendo. Ndinayenda chogwada monga mwa nthawi zonse, kuika chikho pansi, nkhope kumbali. Pobwerera ndinaona apongozi aakazi akumanga mfundo yomaliza ya kamtolo kaja, n'kuikoka ndi mano kuti ilimbe.

Ndili mtsikana ndinkapita kubusa ndi alongo anga, ndipo anandiphunzitsa kuimba mluzu. Amayi atandimva tsiku lina anandikwapula, n'kundiuza kuti mkazi saimba mluzu, ndi zauhule ndiponso zimaitana njoka. Kuyambira pamenepo ndinali ndisanayeserenso. Tsopano ndinali chogwada pakati pa bwalo la eni, kumbuyo kwa mwana wanga, kutsogolo kwa akulu atatu a mpingo. Ndinasongola milomo. Panangotuluka mpweya, ngati munthu wouzira moto wa nkhuni zaziwisi. Ndinanyambita milomo, kutseka maso, n'kuyambira pamwamba penipeni monga ankachitira kankhumba kaja.

Fyuuu.

Phwa ndinachita kumenya ndi chikhatho pansi.

Ndodo ya nkhondo inaima. Ngakhale nkhuku zinakhala ngati zamva manyazi. Apongozi aamuna sanandiyang'ane, poti mwambo unali kuwagwira iwonso. Anayang'ana akazi awo.

"Amayi, tafunsani. Pakhomo pano pabwera mbusa wa mbuzi?"

Koma maso a apongozi aakazi anali pa mwana. Iye anali atasiya chitsononkho, atatembenuka thupi lonse, akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenaka anagwa chagada ndi phwete, timiyendo m'mwamba.

Apongozi aamuna anakhosomola n'kuuza akazi awo kuti, "Muuzeni abwereze. Mwanayo ayang'ane uko."

Apongozi aakazi anatembenukira kwa mlamu. "Muuze mlamu wako abwereze."

Mlamu anabwera pamene ndinagwada, ngati kuti ndinali kutsidya kwa Luangwa, n'kunena kuti, "Akuti ubwereze." Anamutembenuza mwana kuti ayang'ane kunkhokwe, n'kumutseka maso ndi manja ake.

Ndinabwereza. Mwana anapotoza khosi m'manja mwa azakhali ake kufuna kumene kwachokera mluzu, akuseka mpaka dovu kutuluka. Kudzera mwa mlamu yemweyo, anandiuza kuti ndipite kuseri kwa nyumba ndikaimbire kumeneko. Ndinapita. Ndili komweko ndinamva kuseka kwake, kenaka ndinamva mapazi ake akubwera kudzandifuna.

Nditabwerera ndinapeza mmodzi wa alendo aja akuyesa naye, koma analibe mano akutsogolo ndipo ankangomwaza malovu. Mnzakeyo anati iye anazindikira kalekale kuti mwanayu ali ndi maso a munthu wakumva. Apongozi aakazi anati, "Ine ndinkanena. Mwana wa mwana wanga angakhale gonthi? Ndi mwano chabe, amasankha zomva. Watengera kuchikazi." Beseni lija silinatchulidwe, ndipo ine, mwaulemu wanga wotchuka uja, sindinalitchule.

Chigamulo chinadutsa njira yake yonse, kuchokera pansi pa mango kupita pakhonde, kuchokera pakhonde kudzafika kwa ine. Choyamba, mwana wakumva alibe chokachita ku Chipangali dzinja lili pafupi chonchi, njira yake sichedwa kuchita matope. Chachiwiri, mkazi woimba mluzu pamaso pa apongozi ake, tsiku la Mulungu, alendo ali pomwepo, wachita chinthu chimene sichinaonekepo pamudzi pano, ndipo akatenge nkhuku kwawo adzapepese.

Mwanayo anadzayamba kuyankhula chimanga chitacha, mochedwa ndiponso mwapang'onopang'ono. Khutu lakumanzere silimva bwino mpaka pano, ndipo mawu okhuthala ngati a ng'oma amamudutsa. Mawu oonda ndi amene amawagwira. A kuchipatala anadzatiuza choncho patapita nthawi, titayenda mtunda wautali ndi kudikira tsiku lonse pabenchi. Bayisikopo yabweranso kangapo chithere nkhondo. Tinaona ya kakumbidwe ka chimbudzi, tinaona ya mizere ya m'munda, ndipo abambo anaziyamikira kwambiri kuti ndi zophunzitsa. Ulendo wina ndinalimba mtima kutuma mlamu kuti akafunse woyendetsa makina za tinkhumba tija. Anayankha kuti sakukumbuka, zoterezo amangoziika poyembekeza kuti anthu akhale pansi.

Lolemba lija, m'malo mwa ulendo wa ku Chipangali, unachitika ulendo wanga wokatenga nkhuku. Ndinanyamuka m'mawa mwana ali kumsana. Amayi anga atamva mlandu wake anagwira pakamwa, anandikalipira mokwanira, kenaka anasankha tambala wonenepa kuposa onse. Pobwerera, titafika padambo pamene panalibe munthu, ndinaimba mluzu njira yonse, tambala kukhwapa, mwana akundigunda m'nthiti.

Tambalayo ndinamupha ndekha, kumusosola ndekha, kumuphika ndekha. Anadya apongozi aamuna ndi alendo awo aja, amene anabweranso kudzaona kuti chilungamo chachitika. Ine anandisiyira zipalapasiro. China ndinadya, china ndinapatsa mwana, amene anakhala pamiyendo panga akuchitafuna mpaka dzuwa kupendeka.